Ndisiye ukalaliki wa pa esiteti ndikalowe za magetsi?

Bambo a Tiyamike
Akuluakulu ndi azimayi a pagulu pano, mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani yondisowetsa tulo, ndati ndiitule pano poti muno muli anthu oona zambiri. Ndine kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Zaka zanga ndi 39, ana atatu, woyamba ali Fomu 2. Ntchitoyi ndinaiyamba nditangolemba MSCE ndipo mpaka lero giredi ndi yomwe ija. Malipiro amakwera inde, koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ikalowa pa foni imangodutsa. Ngongole ya ku golosale, fizi, banki nkhonde ya mayi a kunyumba, basi yatha mwezi usanafike pakati.

China chondiopsa ndi masikelo amakono. Wothyola amangopachika tiyi wake, makina alemba okha makilo pa khadi. Ntchito imene tinkagwira anthu angapo ndi mabuku athu, pano mmodzi akukwanitsa.

Ine kumbali ndimakonda za magetsi. Ndimakonzera anzanga masola a m'nyumba, kulumikiza mabatire, kusintha maswitchi, ndipo amandiyamikira. Pepala ndilibe. Maganizo anga ndi oti ndisiye ntchito, nditenge penshoni yanga, ndikaphunzire bwinobwino, nditsegule kashopu pa Luchenza kapena pa Nkando. Kodi ndikuganiza bwino kapena n'kutopa chabe? Musandinyengerere.

Kabaza wa pa Limbuli
Siyani bwana, mubwere ndikuphunzitseni njinga yamoto. Kuno sitidikira mwezi kuti uthe kkkkk

Adimini
A Kabaza, munthu wafunsa za moyo wake. Timuyankhe mwaulemu.

Madala a ku Bvumbwe
Mwana wanga, ndisanayankhe ndifunse kaye. Nyumba imene mukugonamo ndi ya ndani?

Bambo a Tiyamike
Ndi ya kampani, madala. Madzi ndi a pampopi wa pakompaundi, nkhuni timapatsidwa.

Madala a ku Bvumbwe
Ndiye nkhani yagona pamenepo. Ine ndinapuma pa esiteti ndili kapitawo, ndipo ochoka ndinawaona ambiri. Munthu wa pa esiteti amayang'ana ndalama ya pa pepala la malipiro n'kumati ndi yochepa, ndipo ndi yochepadi, sindikukana. Koma sawerengera kuti salipira lendi, sagula madzi, mwana akatentha thupi usiku kiliniki ili pomwepo. Tsiku limene mudzapereke makiyi, zonsezo zidzayamba kutuluka m'thumba mwanu. Pitani pa Luchenza mukafunse nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi magetsi, mumve mtengo wake, muwonjezere wa kashopu, kenako mubwere tikambirane.

Ndinali ndi mnzanga wa ku Masambanjati amene anasiya udalaivala wa thirakitala kuti akalime nthochi. Nthawi imeneyo malole ankachita kutsogozana kudzatenga nthochi za ku Thyolo kupita nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zaka zoyamba ankatiseka ife otsala, anamanga ya malata. Kenako matenda a nthochi a chisaka analowa m'minda, alangizi anati zulani zonse. Anabwerera pa geti kudzapempha ntchito yothyola, bambo wa imvi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mayi a Pempho, Luchenza
Madala, ndi ulemu wonse, fodya wa pamphunoyo ndi amene wayamba kuuluka. Simunamve kuti masikelo akulemba okha?

Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Ndinasiya choko mu 2016 n'kuyamba kugula nandolo m'midzi ya kwa Juma ndi kwa Mabuka, kukagulitsa ku Limbe. Chaka chimenecho mtengo unali woti aliyense ankafuna kulowa geni imeneyi. Chaka chotsatira, 2017, dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa kwawo, mtengo unagwa pansi, ine matumba ali m'nyumba akufumbwa. Ndinalira, apongozi anga akuti tinkanena ife. Koma ku choko sindinabwerere. Ndinatembenukira ku nyemba ndi chimanga cha pa Limbuli chochokera ku Milange, ndipo lero ana anga awiri ali ku sekondale yogonera konko, ndikulipira ndekha. Anzanga ndinawasiya aja ena akudikirabe kukwezedwa. Ndipo bamboyu sakunena za nandolo kapena nthochi, akunena za ntchito ya manja. Imeneyo chisaka sichilowa.

Anambewe, Limbe
Bambo a Tiyamike, ine ntchito yanga ndi yoona za ogwira ntchito pa kampani ina kuno, ndiye ndikuuzeni za malamulo musanalembe kalata ina iliyonse.

Penshoni mwailemba ngati ndalama yongodikira kuti mukaitenge. Si choncho. Lamulo limati abwana aziika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti, ndipo dongosolo limeneli linayamba mu 2011. Ukasiya ntchito usanafike zaka zopumira umadikira kaye miyezi ingapo uli pakhomo, usonyeze kuti sunapeze ntchito ina, ndipo imene amakupatsa si yonse, ina imatsala kudikira ukalamba. Lamulo latsopano la 2023 linafewetsako zina koma silinamasule zonse. Pitani ku ofesi akupatseni sitetimenti ya penshoni yanu, muimbire kampani imene imasunga ndalamayo, mufunse kuti nditasiya lero ndingatenge zingati, ndipo liti. Ambiri akamva yankho amayamba akhala pansi.

Chachikulu ndi ichi. Mukasiya nokha mumapereka notisi ya mwezi umodzi, amakulipirani masiku a tchuthi amene simunatenge, mwathana. Severance, ndalama ija yopatsidwa munthu akachotsedwa ntchito wosalakwa, simulandira. Koma akakuchotsani chifukwa ntchito yatha, monga nkhani ya masikeloyi, Employment Act imati akupatseni malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Tiyerekeze munthu wagwira zaka 15. Ndi masabata 10, kuphatikiza 15, kuphatikiza 20, onse pamodzi 45. Amenewo ndi malipiro a miyezi yoposa 10. Ndiye taonani, chimene chikukuopsanicho ndi chomwenso chingakupatseni mpamba. Mukathamangira kalata mwaipeputsira kampani, ndipo manijala adzakugwirani chanza akumwetulira.

Bambo a Tiyamike
Iii asisi, izi ndiye zandidzidzimutsa. Ine ndimaona ngati kusiya ndi kuchotsedwa ndalama yake ndi imodzi.

Mayi a Pempho, Luchenza
Ndiye munthu azikhala n'kumapemphera kuti amuchotse? Nanga akapanda kumuchotsa, akangomusamutsira ku nazale kapena ku sitolo ya feteleza, zaka zisanu zina zipite? Adzayambe kukwera padenga ali ndi zaka 45, mawondo atayamba kulira?

Anambewe, Limbe
Sindinati akhale manja lende, mayi. Zoti angamusamutse ndi zoona, makampani amachita zimenezo pothawa kulipira. Ine ndikuti asapereke kalata asanadziwe chimene akusiya patebulo. Akadziwa n'kusankhabe kuchoka, ameneyo wasankha maso ali poyera. Komanso wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pachaka. Ambiri a m'maesiteti amawathera ku maliro ndi kumunda. Masiku amenewo atha kukhala sukulu.

Wamagetsi wa pa Chitakale
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ntchito imeneyi ndi imene ndimadyera, ndiye ndilankhula mosapsatira.

Achimwene, kulumikiza batire ndi mababu atatu kwa mnzanu wa pakompaundi ndi kwina, kudyera magetsi ndi kwina. Anzanuwo amakuyamikirani chifukwa simuwalipiritsa, mwina amangokugulirani kabotolo koziziritsa kukhosi. Tsiku limene mudzatchule mtengo ndi pamene mudzadziwe kuti makasitomala muli nawo angati.

Ndalama yooneka ili pa kuika mawaya m'nyumba zatsopano, m'mashopu ndi m'zigayo. Koma ESCOM isanabwere kudzaika mita imafuna pepala losainidwa ndi wamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Wopanda chilolezo amagwira ntchito yonse, thukuta lake, kenako n'kubwera kwa ife kudzapempha siginecha. Ife sitisaina ulere, ndiponso sitisaina nyumba imene sitinaiyeze, chifukwa ikapsa dzina lofunsidwa ndi langa. Ndinaitanidwapo nyumba ina kuti ndikangosaina, ndinapeza masoketi onse ayenda pa waya wochepa wa mamilimita 1.5, umene ndi wa mababu. Soketi imafuna 2.5, kuka yophikira imafuna 6. Ethi, waya woteteza wopita m'nthaka, anangokhomerera kachitsulo kafupi m'dothi louma. Mwini nyumba analipira kawiri, ndipo mnyamata uja dera limenelo sanaitanidwenso.

Za sola, msika unatentha mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kumazima tsiku lonse, ndipo aliyense wogulitsa mawailesi anasanduka katswiri wa sola. Koma kwathu kuno kuli vuto lina, chiperoni. Mu Juni ndi Julayi mitambo imatha kukhala masiku angapo osachoka paphiri, kamvula kowaza, dzuwa osaoneka. Sola imene munaika mu Okutobala ikuwala bwino, mu Julayi ikuzima 7 koloko madzulo, batire n'kufa chifukwa chotha moto tsiku ndi tsiku osadzaza. Kasitomala sanena kuti ndi chiperoni, amati wamagetsi uja anandibera. Ndiye umayenera kudziwa kuwerengera: mababu angati, TV ya mawati angati, maola angati, batire yoti ipirire masiku opanda dzuwa, kontorola yoyenerana ndi mapanelo. Ndipo mapanelo ambiri a m'misika alembedwa mawati abodza, ukapanda mita yoyezera umagula galasi chabe.

Apa ndi pamene ndikuona kuti ukalaliki wanu si wotaya. Munthu wozolowera kuwonkhetsa makilo a anthu mazanamazana saopa manambala. Anyamata ambiri amene ndimawaphunzitsa manja ndi abwino, koma koteshoni kulemba sangathe. Amaiwala mayendedwe, amaiwala kuti mtengo wa waya ku Limbe wasintha sabata yomweyo, ntchito ikatha apeza agwirira ulere.

Bambo a Tiyamike
Zikomo kwambiri akulu. Za 1.5 ndi 2.5 ndimazidziwa, koma za batire ndimangoyerekeza ndi maso. Ndifunse ziwiri. Pa msinkhu wangawu sukulu ingandilandire? Ndipo ndalama kwa inu imabwera mwezi ndi mwezi?

Wamagetsi wa pa Chitakale
Mwezi ndi mwezi ayi. Ife timadya anthu akakolola. Kuyambira Meyi mpaka Novembala anthu amaumba njerwa, amamanga, amafolera, foni imalira. Januwale mpaka Malichi ndalama yonse ili ku feteleza ndi ku fizi, ife timangoitanidwa mphenzi ikaotcha invata kapena soketi ikalowa madzi. Amene sanasunge amagulitsa zida miyezi imeneyo.

Tsono taganizani. Inu pa esiteti mumapanikizika liti? Mvula ikagwa, Disembala mpaka Epulo, tiyi akuphuka mothamanga, sikelo mpaka mdima. Chilimwe tiyi amachepa, othyola a kontirakiti amapita kwawo, inu mumaweruka dzuwa lili pamutu. Nyengo yanu yopuma ndi nyengo yathu yotanganidwa. Ntchito ziwirizi sizikulimbana, ndiye mukuthamangiranji kupha imodzi?

Za sukulu, ife tinalemba Trade Test ya unduna wa za ntchito, kuyamba Giredi 3, kenako 2, kumaliza 1. Masiku ano TEVETA, yoona za maphunziro a ntchito zamanja, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi masatifiketi ake, ndiponso ili ndi njira yoyesera anthu amene anaphunzira ntchito pamanja osalowa m'kalasi. Pitani ku ofesi yawo ku Blantyre, ndipo podutsa ku Limbe mulowe pa Soche Technical mufunse za makalasi a anthu apantchito. Za msinkhu iwalani, waya sufunsa chaka chobadwa.

Achimwene a ku Joni
Ase, bwera kuno. Sola yadzaza madenga chifukwa cha kuzimazima kwa Eskom, kampani ya magetsi ya kuno. Basi ya pa Wenela, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, wafika.

Mayi a Pempho, Luchenza
Inu mukugwira ya sola kumeneko?

Achimwene a ku Joni
Ine ndili mu shopu chemwali kkkk. Kunena zoona kunonso wopanda pepala amangonyamula mapanelo kukweza padenga, wosaina ndi wina. Ndipo za pemiti ndi mutu wina. Ngati ali ndi nyumba ya ulere ndi ana pasukulu, aphunzire kaye konko. Ndangomusowa mnzanga wocheza naye.

Nesi wa ku Mulanje
Ndiikepo yanga, mwina ithandiza. Inenso ndinasintha ntchito ndili wamkulu kale. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina yoyima payokha, ndinalembanso masayansi a MSCE kuti ndikweze magiredi, kenako ndinakachita unamwino ndi uzamba zaka zitatu. Kuno tili ndi mwayi, makoleji ali pafupi, ku Malamulo ndi ku Mulanje Mission. M'kalasi ndinali ndi ana oti ndikanatha kuwabereka, ankanditchula kuti anti. Zimenezo sizinandivute. Chimene palibe anandiuza ndi nthawi ya pakati. Umamaliza, umalemba mayeso a Nurses and Midwives Council, umakhoza, kenako umakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito. Nthawi imeneyo ndi imene imaswa mabanja. Ife tinadutsa chifukwa bambo a kunyumba anali pa malipiro ndipo tinagwirizana kuyambira pachiyambi kuti nyama tiiwale kaye.

Ndiye funso langa kwa inu, bambo, si la sukulu. Miyezi imene simudzalowetsa kanthu, adzagula ufa ndani? Mwati mayi ali ku banki nkhonde. Amachita geni yanji, ndipo ingathe kunyamula nyumba yokha mpaka liti? Mwakambirana nawo?

Malume a Tiyamike, Nkando
Alamu, ndaona.

Kabaza wa pa Limbuli
Eeee zavuta kkkkkk, alamu ali pagulu!

Malume a Tiyamike, Nkando
Sindikukwiya ayi. Koma funso la anesiwo ndi langanso. Chemwali wanga nkhani imeneyi akuidziwa? Chifukwa Lamulungu lapitali tinali limodzi ku tchalitchi, sananene kanthu. Mwatchula za kutsegula shopu pa Nkando, ndiye kuti mukubwera kwathu. Mwini mbumba ndine, ndiyenera kumva pakamwa panu, osati pa foni pamodzi ndi anthu a ku Joni.

Bambo a Tiyamike
Alamu, ndinawatchulirako pang'ono, anangoti tiona. Ndimafuna ndimve kaye maganizo a anthu kuti pobwera kwa inu ndibwere ndi nkhani yomveka.

Madala a ku Bvumbwe
Mkazi akati tiona, mwana wanga, ndiye kuti sanavomere. Ndipo alamu anuwo akunena zoona. Kwathu kuno ndi kwa chikamwini. Mukatuluka m'nyumba ya kampani, kolowera ndi kwa mkazi, ndipo mkamwini wobwera ndi malipiro amalandiridwa mosiyana ndi wobwera ndi chikwama cha mapulayazi. Ena a kumpoto ndi pakati akamati ukasiya ntchito upite kumudzi ukalime, sadziwa Thyolo ndi Mulanje. Malo abwino anapita ku tiyi kalekale, Satemwa yokha inayamba mu 1923, ndipo otsalawo tagawana mpaka mizere ikuchita kuwerengeka. Kuno munda sungakugwire ukagwa.

Malume a Tiyamike, Nkando
Malo omanga alipo, kuseri kwa nyumba ya mayi. Munda ndi womwe mukuudziwa uja, anagawana kale achemwali anayi, chimanga chake sichifika Okutobala. Ndipo mbali ya kumunsi namondwe Freddy anakokolola mu Malichi 2023, mpaka pano ndi mchenga. Ine sindikuletsa. Wamagetsi pabanja tikumufuna, nyumba yanga yomwe ikudikira mawaya.

Wamagetsi wa pa Chitakale
Mwaona achimwene? Kasitomala woyamba wapezeka, ndipo ndi wa ulere kkkk. Abale ndi amene amagwetsa amisiri atsopano. Alamu alipire, ngakhale theka.

Malume a Tiyamike, Nkando
Ndidzalipira nkhuku.

Mnyamata wa ku Thekerani
Bwanji osatenga ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za geni n'kutsegula shopu ya zida za sola nthawi imodzi? Mayi azikhala mu shopu, bambo aziyenda m'midzi kukaika.

Mayi a Pempho, Luchenza
Apa pokha ndigwirizana ndi madala ngakhale sanalankhule. Ngongole ayi. Ine ndine wa geni, ndikudziwa. Ngongole imayamba kubwezedwa shopu isanadziwike, ndipo katundu wa sola ndi wa madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso mu 2023. Ukagulitsa batire lero pa mtengo wa dzulo, mawa ukapita ku Limbe ndalama yomweyo siigulanso batire. Shelefu imangopepuka uli wosangalala kuti malonda akuyenda. Ndipo akatapila musawayandikire n'komwe.

Koma pa nkhani yochoka sindinasinthe. Ndikuona gulu lonse likumukokera bamboyu pansi, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Zifukwa zomveka sizitha. Chaka chino ndi fizi, chaka chamawa ndi denga, china ndi matenda a apongozi. Ine ndikanamvera zonsezo bwenzi ndikadali kufufuta bolodi.

Wamagetsi wa pa Chitakale
Shopu siyofunika poyamba. Ine ndinagwira zaka zambiri ofesi yanga ili chikwama ndi foni. Gulani mita yoyezera yabwino, tesita, mapulayazi ndi masikuludalaivala okutidwa bwino, hamala ndi tchizulo, sipuling'i yopindira mapaipi. Dirilo mudzagula ntchito ikayamba kubwera, makwerero mudzabwereka. Katundu azigula mwini nyumba, inu mumulembere mndandanda ndi kumuperekeza kuti asagule waya wabodza. Mukatero kugwa kwa kwacha ndi kwake, inu mukulipiritsa manja.

Ndipo musayang'ane pa Luchenza pokha, pamenepo amisiri tadzaza. Yang'anani kumene magetsi akufika kumene. Kulikonse kumene MAREP, pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi, yaimika mapolo, nyumba zonse za pamenepo zimafuna mawaya nthawi imodzi. Kwa Bondo uko kampani ya MEGA inatenga magetsi pa mtsinje wa Lichenya, midzi ya m'mphepete mwa phiri inayamba kuwala, zigayo ndi mashopu ometera zinatseguka. Alimi a tiyi ang'onoang'ono a Sukambizi ndi Msuwadzi akalandira ndalama amafuna sola. Amenewo inu mumawadziwa kuposa ine, chilankhulo cha makilo ndi chanu.

Anambewe, Limbe
Ndiwonjezere kamodzi. Werengani kontirakiti yanu muone ngati ikunenapo za ntchito ya kumbali. Ndipo musakagwire ya magetsi nthawi ya kampani, kapena ndi zida za kampani, kapena kukoka waya m'nyumba za pakompaundi popanda chilolezo. Akakuchotsani chifukwa cha mlandu, severance ija yapita, ndipo ku ofesi ya za ntchito paboma kapena ku Industrial Relations Court mukavutika kudziteteza.

Adimini
Amene mukutumiza zithunzi za mbuzi zogulitsa pakati pa nkhaniyi, dikirani kaye kapena tumizani mawa.

Bambo a Tiyamike
Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ndinazimitsa foni n'kukhala pansi ndi mayi a Tiyamike mpaka usiku. Nkhani anali ataimva kale, alamu anaimba ndisanafike pakhomo. Sanakane za magetsi, akuti amaona okha kuti ndikagwira waya nkhope imasintha. Koma aika zawo ziwiri. Kalata isapite Tiyamike asanalembe JCE, safuna mwana asinthe sukulu pakati pa chaka. Ndipo makiyi a kampani tisapereke tisanafolere yathu ku Nkando, akuti kukagona m'nyumba ya amayi awo ndi ana atatu iwo ayi. Njerwa tiumba chilimwe chino. Mandasi ndi zitumbuwa zimene amagulitsa pa geti la fakitale akuti zingagule ndiwo, koma ufa ndi fizi sizingathe.

Lero ndipempha sitetimenti ya penshoni. Tchuthi ndipempha cha Julayi. Masikelo aja akandichotsa ndisanakonzeke, ndidzalandira zanga n'kupita. Akapanda kundichotsa, ndidzaona pepala likakhala m'manja.

Mayi a Pempho, Luchenza
Ndidzaona ameneyo ndi amene sindimufuna. Ikani mwezi ndi chaka, muuze mayi ndi alamu, kuti likadzafika tsikulo adzakufunseni. Kupanda apo tidzakupezani pa sikelo pomwepo muli ndi satifiketi mu sutikesi.

Madala a ku Bvumbwe
Ndipo satifiketi ikakhala mu sutikesi, munthu akulandira malipiro uku Loweruka akuika mawaya, cholakwika n'chiyani? Si onse ayenera kuchoka, mayi.

Mayi a Pempho, Luchenza
Cholakwika n'choti ntchito zazikulu sizidikira Loweruka, madala. Wa chigayo akafuna wamagetsi amamufuna Lachiwiri m'mawa. Adzakhala wa mababu mpaka kalekale.

Nesi wa ku Mulanje
Zimenezo adzakangana okha ndi mayi a kunyumba chaka chamawa, ali ndi manambala a miyezi ingapo m'buku. Bambo, muzilemba ntchito iliyonse, ndalama yalowa, ndalama yatuluka, ndi amene sanalipire. Kulemba ndi ntchito yanu kale.

Wamagetsi wa pa Chitakale
Achimwene, ndili ndi nyumba ya zipinda zinayi imene ndikuyamba Loweruka likubwerali kufupi ndi Chonde, ndipo mnyamata wanga mmodzi wapita ku maliro. Ngati mwaweruka msanga kapena mungapemphe tsikulo, bwerani. Sindikulipirani, nsima ya masana ndi yanga. Tidzayamba ndi kuswa khoma poika mapaipi ndi mabokosi, ndiye musavale malaya a ku ofesi, ndipo nsapato zikhale za labala. Waya simugwira tsiku loyamba. Nambala ndakutumizirani kumbali, mukatsika minibasi pa Chonde muimbe.